Zomwe zinandichitikira: khansa ya m'maso mwa mwana wanga ndi jini limene ndinamupatsira

Khansa iliyonse ndi matenda a majini, kutanthauza malangizo a m'maselo a thupi amene timatengera kwa makolo, koma khansa zambiri si zakumtundu. Mfundo ziwirizi zimamveka ngati zikutsutsana, ndipo zinanditengera nthawi kuti zikhazikike m'mutu mwanga. Ndinalibe kuchitira mwina koma kuzimvetsa, chifukwa mwana wathu woyamba, wamkazi, anapezeka ndi khansa ya m'maso yotchedwa retinoblastoma asanakwanitse n'chaka chomwe, ndipo kenako zinadziwika kuti vutolo linadzera mwa ine. Ndikulemba izi poganizira makolo amene ndakhala nawo pabenchi podikira dokotala. Pafupifupi onse funso lawo limakhala limodzi: zachokera kuti zimenezi? Yankho lilipo, si lovuta monga mmene mawu a kuchipatala amalimveketsera, ndipo banja likalidziwa limadziwanso woti akamuyezetse ndi nthawi yake.

Anayamba kuona ndi mayi ake. Madzulo ena akumuyamwitsa, kuwala kwa nyale kukumenya chammbali, anaona kuti mwana wa diso lakumanzere, m'malo moda, akunyezimira moyera. "Tabwerani kuno mudzaone diso la mwanayu," anandiitana. Pofika ine, mwana anali atatembenuka, diso likuoneka bwinobwino. Kuyera kumeneku kumaoneka n'kubisala malinga ndi mbali imene kuwala kwalowera, n'chifukwa chake munthu amayamba kudzikayikira kuti mwina ndi maso ake. Chinatitsimikizira ndi zithunzi za pafoni zojambula ndi fulashi. Pazithunzi zingapo diso lakumanja linkatuluka lofiira, lakumanzere loyera. Kufiirako ndiye kwabwino, chifukwa ndi kuwala kumene kwabwerera kuchokera kuseri kwa diso kumene kuli timitsempha ta magazi tambirimbiri. Kuyera kumatanthauza kuti pali chimene chatchinga njira. Sikuti nthawi zonse imakhala khansa, pena ndi ng'ala kapena vuto lina, koma ndi chizindikiro choti mwana aonedwe ndi dokotala wa maso sabata yomweyo. Chizindikiro china chimene chimaoneka kawirikawiri ndi diso limodzi kuyang'ana kwina pamene linzake likuyang'ana kutsogolo.

Kuchipatala anamuthira mankhwala okulitsa mwana wa diso, anamuunika ndi makina, kenako anamugonetsa ndi mankhwala kuti aone mkati mwa maso onse modekha. Ine ndinkayembekeza kuti adula kachidutswa ka chotupacho kukayeza, monga amachitira ndi khansa zina. Anati ayi, diso la retinoblastoma silibooledwa, chifukwa singano ikhoza kutulutsira maselo a khansa kunja kwa diso. Zotsatira zinali zakuti kumanzere kunali chotupa chachikulu chodzaza pafupifupi diso lonse, ndipo kumanja, kumene ife tinkati kulibe vuto, kunali tizotupa ting'onoting'ono tingapo. Dokotala atanena zimenezi anatiyang'ana tonse awiri n'kunena kuti, "Mayi, bambo, ndikufuna ndione maso anunso."

Mayi ake anawaunika mwachangu. Pa diso langa lakumanja anachedwapo, nyale ili pamphumi, galasi lili m'manja, akundiuza kuti ndiyang'ane kumwamba, kenako kumbali. Anaitana mnzake kuti naye aone.

"Bambo, munadwalapo diso muli mwana?"

"Ayi, adokotala. Ndimaona bwinobwino."

Chimene anapeza chinali kachigamba kotuwa, kouma, chakumphepete kwa retina, kakhungu kopyapyala ka kuseri kwa diso kamene kamalandira kuwala. Amakatcha retinoma. Ndi chotupa chimene chinayamba ndili khanda, n'kuima chokha chisanasanduke khansa. Ndinakula nacho osadziwa kanthu. Magazi atayezedwa anatsimikiza kuti ine ndi mwana tili ndi chilema chofanana, pamalo amodzimodzi, m'jini lotchedwa RB1.

Kuti zimenezi zimveke tiyenera kulowa mkati mwa selo, ndipo pano ndichedwapo, chifukwa m'pamene pagona nkhani yonse. Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi mathiriliyoni 30, ndipo onsewo anachokera ku selo limodzi, dzira la mayi litakumana ndi umuna wa bambo. Selo limenelo linagawikana kukhala awiri, awiri kukhala anayi, mpaka munthu wathunthu. Kugawikanako sikutha munthu akabadwa. Khungu, magazi ndi mkati mwa matumbo zimasinthidwa moyo wonse. M'kati mwa selo muli DNA, ulusi wautali wosunga malangizo olembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T. Ulusiwu unapindidwa m'makromozomu 46, ndipo 23 amachokera kwa mayi, 23 kwa bambo. Mbali iliyonse ili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni atatu. Tizigawo ta ulusiwu timene timauza selo kapangidwe ka mapuloteni ndi timene timatchedwa majini, ndipo alipo pafupifupi 20,000. Popeza makromozomu amabwera awiriawiri, majini ambiri timakhala nawo makope awiri, la kwa mayi ndi la kwa bambo.

Selo lisanagawikane limayenera kukopera zilembo zonsezo kuti maselo awiri atsopanowo aliyense atenge zake. Ntchito yaikulu chonchi siingathe popanda kuphonyetsa. Selo lili ndi mapuloteni amene amabwerera m'mbuyo kukonza zolakwika, ndipo amakonzadi pafupifupi zonse, koma zina zochepa zimapulumuka. Zambiri mwa zopulumukazo zimagwera pamalo opanda ntchito kwenikweni, kapena zimapha selo lomwelo nkhani n'kuthera pomwepo. Vuto limabwera cholakwika chikagwera pa majini ochepa amene amalamulira nthawi yoti selo ligawikane, nthawi yoti liime, ndi nthawi yoti life. Selo loterolo limapatsira cholakwikacho maselo onse obadwa kwa ilo. Chotupa chachikulu chija cha m'diso lakumanzere chinali mbumba ya selo limodzi.

RB1 ili pa kromozomu nambala 13. Puloteni imene jini limeneli limapanga ntchito yake ndi kugwira selo kuti lisayambe kukopera DNA yake mpaka nthawi itakwana. Dokotala anatifotokozera ndi njinga, ndipo sindinapeze fanizo loposa limeneli. Njinga ili ndi mabuleki awiri, ndipo imodzi ikaduka umathabe kuima ndi inayo. Makope awiri a RB1 ali chimodzimodzi. Mwana amene wabadwa ndi makope onse abwino, kuti adwale pamafunika kuti m'selo limodzi lomwelo la retina mabuleki onse awiri aduke, ina kenako inzake. Zimenezi n'zapatali, ndipo zikachitika chimakhala chotupa chimodzi m'diso limodzi. Mwana wanga anabadwa buleki imodzi ili yoduka kale m'selo lililonse la thupi lake, chifukwa kope limene analandira kwa ine linali lowonongeka. Retina ya mwana ali m'mimba komanso ali wakhanda imakhala ndi maselo mamiliyoni akugawikana. Pa unyinji wonsewo, n'zosavuta kuti m'maselo angapo buleki yotsalayo idukenso. N'chifukwa chake anali ndi zotupa zingapo, m'maso onse, ali wamng'ono kwambiri.

Amene anazindikira zimenezi ndi dokotala wa ana wa ku America, Alfred Knudson, m'chaka cha 1971. Chimene chimandigometsa n'chakuti analibe makina owerengera DNA. Anatenga mbiri za odwala 48, n'kuona msinkhu umene aliyense anapezekera ndi matendawa, ndiponso ngati linali diso limodzi kapena onse. Anaona kuti a maso onse amadwala msanga, a diso limodzi amachedwerapo, ndipo masamu anamuuza kuti gulu loyambalo limangodikira kuwonongeka kumodzi pamene lachiwiri limadikira kuwiri. Jini lenilenilo linapezeka patapita zaka 15, mu 1986, ku Boston, pa ntchito ya Stephen Friend, Robert Weinberg, Thaddeus Dryja ndi anzawo. Linali loyamba kudziwika kuti lili pa gulu la majini amene ntchito yawo ndi kuletsa zotupa. Nthenda ya ana yosowa chonchi, imene imagwira mwana mmodzi pa ana 15,000 mpaka 20,000 obadwa, ndi imene inatsegula khomo lomvetsera khansa za akuluakulu zomwe.

Apa m'pamene ndinamvetsanso chifukwa chake retinoblastoma ndi ya ana aang'ono, makamaka osafika zaka zisanu. Retina ikakhwima maselo ake amasiya kugawikana, choncho mpata woti cholakwika chachiwiri chisanduke chotupa umatsekeka. Ine ndinadutsa pampata umenewo mwamwayi. Anthu amene ali ndi chilema cha RB1, pafupifupi 9 mwa 10 alionse amadwala ndithu.

Mayi a mwana anali ndi mafunso awoawo amene anawasunga mumtima mpaka tsiku lina anawatulutsa pamaso pa dokotala. Kodi ndi mankhwala amene ndinamwa ndili woyembekezera? Kodi ndi tsiku limene mwana anagwa pabedi? Dokotala anati palibe ndi chimodzi chomwe. Atamasuka iwo, katundu anagwera ine. Masiku amenewo ndinkalephera kumuyang'ana mwanayo m'maso, ndikumadziuza kuti ndamupweteka ndine. Chinandithandiza si mawu otonthoza ayi, koma kumvetsa mmene umuna umapangikira. Selo lililonse la umuna limatenga kope limodzi lokha pa makope awiri a bambo, ndipo palibe amene amasankha. Theka la umuna wanga uli ndi kope labwino, theka uli ndi lowonongeka. Mimba iliyonse mwayi umakhala theka kwa theka, ndipo mimba yapita siiuza mimba ikubwera. Munthu ungadziimbe mlandu pa chimene unachita kapena unalekerera. Apa panalibe chochita kapena cholekerera.

Achibale a mbali zonse anafuna kudziwa kuti ndi mtundu wa ndani, ndipo ena anafulumira kunena kuti kwawo kulibe zotere. Mawu amenewa amapasula mabanja, ndipo nthawi zambiri sakhala ndi maziko. Mwa ana onse odwala retinoblastoma, pafupifupi 40 pa 100 alionse ali ndi chilema cha RB1 m'thupi lonse, koma ambiri mwa iwo makolo awo alibe. Cholakwikacho chimachitika chatsopano, popangika umuna kapena dzira limene linabala mwanayo, kapena masiku oyambirira mimba itangoima. Mwana ameneyo amakhala woyamba pamtundu, ndipo iye akhoza kudzapatsira ana ake. Kumbali yanga, mayi anga ndi abale anga anayezedwa, onse alibe. Mwina chinayambira pa ine.

Za chithandizo ndidutsapo mwachangu, kupatula chinthu chimodzi. Diso lakumanja analipulumutsa ndi kemo, mankhwala atatu odzera m'diripi otchedwa carboplatin, vincristine ndi etoposide, kenako tizotupa titafota anatiwotcha ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser, tina n'kutiumitsa ndi chipangizo chozizira kwambiri. Tsitsi linathothoka, m'kamwa munatuluka zilonda, magazi ankatsika. Zonsezi zili ndi chifukwa chimodzi: kemo amalimbana ndi maselo amene akugawikana mofulumira, ndipo mizu ya tsitsi, khungu la m'kamwa ndi mafuta a m'mafupa opanga magazi nazo zimagawikana mofulumira. Kusiyana kwake n'kwakuti maselo abwinowo amachira.

Chinthu chimodzi chija ndi diso lakumanzere. Anatiuza kuti silikuonanso ndipo liyenera kuchotsedwa. Sindinamvepo mawu olemera ngati amenewa. Ndinaona mabanja ena akumva zomwezo n'kunyamula mwana kubwerera kwawo osabweranso, ndipo sindiwaweruza, chifukwa nanenso miyendo inkafuna kutero. Koma tamvani zimene zimachitika m'kati. Maselo a khansa akamachuluka amapitiriza kulakwitsa pokopera DNA, ndipo pakati pawo pamatuluka ena olusa kuposa anzawo, otha kuboola malire n'kuyenda. Kuchokera m'diso njira zake zazikulu ndi ziwiri: mtsempha waukulu wa diso umene umapita ku ubongo, ndi magazi amene amakafikitsa maselowo m'mafupa. Khansa ikadali m'kati mwa diso imachizika, ndipo kumene ana amapezeka msanga oposa 95 pa 100 alionse amapulumuka. Ikatuluka, nkhani imasintha kwambiri. Diso litachotsedwa anakaliyeza ndi maikulosikopu kuti aone ngati maselo anafika pamene mtsempha unadulidwira. Anali asanafike. Lero ali ndi diso loikirira limene munthu wosadziwa sangalizindikire, ndipo amawerenga ndi lakumanja.

Nthawi yodikira m'chipatala ndi yaitali, ndipo ine ndinaithera powerenga ndi kuvutitsa madokotala ndi mafunso. Ndinkafuna kudziwa ngati khansa ya m'mapapo, ya m'mawere kapena ya m'matumbo imayamba mofanana. Mfundo yake ndi yomweyo, koma masitepe amachuluka.

Kuwonjezera pa majini oletsa, pali majini amene ntchito yawo ndi kuuza selo kuti ligawikane. Ndi ofunika, popanda iwo bala silingapole ndipo mwana sangakule. Koma limodzi likawonongeka mwa njira yoti lizingolamula osaleka, kope limodzi lokha limakwanira kusokoneza selo. Mbiri yake inayambira pa nkhuku. Mu 1911 Peyton Rous anaonetsa kuti kachilombo kena kamayambitsa chotupa mwa nkhuku, ndipo anthu anachedwa kumukhulupirira moti mphoto ya Nobel anailandira mu 1966. Mu 1976 Michael Bishop ndi Harold Varmus anapeza kuti jini loyambitsa chotupa limene kachilomboko kanali nalo sikanali kake, kanachita kulitenga m'maselo abwinobwino a nkhuku. Tanthauzo lake linali lalikulu: zida zoyambitsa khansa tili nazo kale tonse, ndi majini athu omwe atapotoka. Limodzi lodziwika kwambiri ndi KRAS, limene limapezeka litawonongeka m'khansa zambiri za kapamba ndi za m'matumbo.

Ndiye pali TP53, limene puloteni yake inapezeka mu 1979. DNA ikawonongeka, puloteni imeneyi imaimitsa selo kuti likonze, ndipo ikaona kuti sizikonzeka imalamula selo kuti lidziphe. Maselo ambirimbiri amafa motere tsiku lililonse ife osadziwa, ndipo imfa imeneyi ndi imene imatiteteza. Pafupifupi theka la khansa zonse za anthu, TP53 imakhala itawonongeka. Njovu, imene ili ndi maselo ochuluka kutiposa kutali koma sidwaladwala khansa, ili ndi makope a jini limeneli pafupifupi 20. Ndinaseka nditamva zimenezi, kuseka koyamba m'miyezi yambiri.

Kwa munthu wamkulu, selo limodzi limayenera kusonkhanitsa zolakwika zingapo zoterezi lisanakhale khansa yeniyeni. Eric Fearon ndi Bert Vogelstein anafotokoza mu 1990 mmene zimayendera m'matumbo aakulu. Kawirikawiri limayamba kuwonongeka ndi jini loletsa lotchedwa APC, pamatuluka kanjerewere kosaopsa m'kati mwa thumbo. Kenako KRAS, kanjerewere kamakula. Kenako TP53, ndipo chotupa chimayamba kuboola khoma la thumbo. Ulendo umenewu umatenga zaka 10 kapena kuposerapo. Panjira chotupa chimaphunziranso zina: kukopa mitsempha ya magazi kuti imere n'kumachidyetsa, kuzemba asilikali a m'thupi, ndi kupitirira malire a kagawikanidwe amene selo labwino limakhala nawo. Mukamvetsa zimenezi, zinthu ziwiri zimaonekera zokha. Khansa imachuluka pa ukalamba chifukwa zolakwika zimafuna nthawi kuti ziunjikane. Ndipo kuyezetsa munthu asanadwale kumathandiza chifukwa pali zaka zambiri pamene kanjerewere kangachotsedwe kasanafike sitepe yomaliza.

Nanga chimawononga DNA n'chiyani? Mbali ina ndi kuphonyetsa kwa kukopera kumene ndanena kale, kumene kumachitikira aliyense ngakhale wodzisamala chotani. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu amene akamva kuti wina ali ndi khansa amayamba kufufuza chimene analakwa. Mbali ina ndi zochokera kunja zimene zimachulukitsa zolakwikazo. Utsi wa fodya uli ndi mankhwala pafupifupi 70 odziwika kuti amayambitsa khansa, ena amamatirira pa DNA penipenipo. Cheza cha dzuwa chimawononga DNA ya pakhungu. Mowa ukagayidwa m'thupi umasanduka mankhwala owononga DNA. Kachilombo ka hepatitis B kamatupitsa chiwindi kwa zaka, maselo n'kumafa ndi kugawikana mobwerezabwereza.

Kachilombo kamene kanandiimitsa mutu ndi HPV, kamene kamayambitsa pafupifupi khansa zonse za khomo la chiberekero. Kakalowa m'selo kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7. E6 imawononga puloteni ya TP53. E7 imagwira puloteni ya RB1, yomwe ija ya m'diso la mwana wanga, n'kuilepheretsa ntchito. Zimene chibadwa chinachita mwa mwana wanga, kachilomboka kamachita mwa mayi wobadwa ndi majini abwinobwino. Harald zur Hausen wa ku Germany, amene anaonetsa kugwirizana kwa HPV ndi khansa imeneyi, analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mitundu iwiri yokha, HPV 16 ndi 18, imayambitsa pafupifupi 70 pa 100 ya khansa za khomo la chiberekero, ndipo katemera wake alipo. Chilema cha RB1 sindikanatha kumutchinjiriza mwana wanga, koma katemera ameneyu msinkhu ukakwana sadzaphonya.

Kudziwa jini limene lawonongeka kwayambanso kusintha mankhwala. Mu 1960 ku Philadelphia, Peter Nowell ndi David Hungerford anaona kromozomu yaifupi modabwitsa m'maselo a odwala khansa ina ya m'magazi. Mu 1973 Janet Rowley anaonetsa kuti makromozomu nambala 9 ndi 22 anathyoka n'kusinthana zidutswa. Polumikizirapo pamabadwa jini lachilendo limene limalamula maselo oyera a magazi kuti azingochuluka. Mankhwala otchedwa imatinib, amene anavomerezedwa mu 2001, amatseka puloteni ya jini limenelo, ndipo odwala ambiri amakhala zaka zambiri akungomwa mapiritsi. Kromozomu imeneyi munthu sabadwa nayo ndipo sapatsira ana ake. Imachitika m'selo limodzi la m'mafupa munthu ali kale moyo. Ndi khansa ya majini ndithu, koma si yakumtundu, ndipo khansa zambiri zili m'gulu limeneli.

Zakumtundu zenizeni, zonga yathu, ndi pakati pa 5 ndi 10 pa khansa 100 zilizonse. Zodziwika kwambiri ndi za BRCA1 ndi BRCA2, majini okonza DNA ikaduka, amene akawonongeka amakweza chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi ya thumba la mazira, komanso ya prostate kwa amuna. Mary-Claire King ndi amene anaonetsa mu 1990 kuti jini loyambalo lili pa kromozomu nambala 17. Palinso matenda a Lynch, okhudza makamaka matumbo ndi chiberekero. Kukhala ndi agogo amene anadwala khansa atakalamba si umboni woti ili kumtundu, chifukwa khansa ndi yofala. Zoyenera kukayikitsa ndi izi, ndipo zina mwa izo ndi zomwe zija Knudson anaona: kudwala pa msinkhu wochepa, kudwala mbali zonse ziwiri monga mawere onse kapena maso onse, munthu mmodzi kudwala khansa ziwiri zosiyana, ndi achibale angapo a mbali imodzi kudwala khansa yofanana. Ndipo musawerenge mbali ya amayi yokha. Bambo akhoza kupatsira mwana wake wamkazi BRCA1 yowonongeka iye ali bwinobwino, monga ine ndinapatsira RB1 ndikuona ndi maso onse.

Titaganiza zokhala ndi mwana wachiwiri tinakambirana nthawi yaitali, ndipo sindingauze banja lina chochita pa nkhani imeneyi. Ife tinasankha kupitiriza, koma titapangana ndi madokotala mimba isanakule. Mwana atangobadwa anamuunika maso masiku oyambirira omwewo ndi kutenga magazi. Podikira zotsatira ankamuunikabe pafupipafupi ngati kuti ali nacho, chifukwa kachotupa kakapezeka kali kakang'ono kamathetsedwa ndi laser yokha, diso n'kupulumuka. Zotsatira zinabwera zoti analandira kope langa labwino. Kumene kuyeza majini sikutheka, njira ndi yomweyo ya kuunika: abale ake a mwana wodwala, ndi ana a munthu amene anadwalapo retinoblastoma, aziunikidwa maso kuyambira pobadwa, pafupipafupi m'zaka zoyambirira. Makolo nawo aunikidwe. Zanga zinadziwika ndi nyale ndi galasi magazi asanayezedwe n'komwe.

Kwa ine ndi mwana wanga wamkulu nkhani siinathere pa maso. Kope lowonongeka lija lili m'maselo onse a thupi, choncho chiopsezo cha khansa zina n'chokwera moyo wonse, makamaka ya m'mafupa pa msinkhu wa kusinkhuka, ya m'minofu, ndi ya pakhungu yotchedwa melanoma. Fodya kwa ife ndi woopsa kuposa kwa ena. Timapewa dzuwa lowotcha. Dokotala aliyense watsopano timamuuza za RB1 asanalembe zokajambula, kuti ngati n'kotheka asankhe MRI kapena makina a ultrasound m'malo mwa CT, imene imajambula ndi X-ray, popeza cheza cha X-ray chikhoza kuwononga kope lotsalalo. Izi sizikutanthauza kukana kujambula pamene kukufunikadi. Fupa likamapweteka malo amodzi kwa masabata popanda kuvulala, kapena pakatuluka chotupa chosadziwika, sitidikira kuti tione. Mwanayo timamuuza pang'onopang'ono malinga ndi msinkhu wake. Panopa amadziwa kuti diso lake linadwala, kuti adadi ake ali ndi kachipsera m'diso ka nthenda yomweyo, ndi kuti pali zinthu zimene tonse awiri timasamala nazo. Za ana ake am'tsogolo tidzakambirana akadzakula.

Ngati banja lanu layezedwa majini, pemphani pepala la zotsatira, osangomva pakamwa kuti chapezeka kapena sichinapezeke. Papepalapo pamalembedwa dzina la jini ndi malo enieni a cholakwikacho, manambala ndi zilembo zooneka ngati zopanda tanthauzo. Kupeza malo amenewo koyamba ndi kumene kumavuta, chifukwa amayenera kufufuza jini lonse. Akadziwika, wachibale aliyense amangoyezedwa pamalo amodzi omwewo, ndipo yankho limabwera msanga komanso lomveka. Lijambuleni pafoni, sungani makope angapo, ndipo perekani limodzi kwa wachibale aliyense amene dokotala wanena kuti akuyenera kuyezedwa.